Ulendo wa ku Nyumba ya Ana Amasiye

Ambiri a inu mudziwa ulendo umene munthu amayenda akalandira chuthi ku nchito. Atenga mwana wace wobadwira ku Kitwe kapena ku Mufulira, nakwera naye basi kunka ku Petauke kapena ku Katete, kuti mwanayo akaone agogo ace ndi mudzi umene atate ace anabadwiramo. Mwanayo pofika aopa mbuzi, akana madzi a pa citsime, ndipo zonena za agogo azimva mwa theka. Komabe pobwerera ku mgodi adziwa kuti ali ndi kwao.

Usiku uno ndifuna kukamba za ulendo wina wonga umenewu, koma wolemera kopambana. Ndiwo ulendo wa makolo a ku America ndi ku Ulaya amene anatenga ana a ku China nawalera monga ao, ndipo patapita zaka 10 kapena 15 anabwerera nao kukaona nyumba ya ana amasiye kumene anawo anayambira moyo. Kusiyana kwace ndi uku: pa ulendo wathu tate ndiye adziwa njira, naloza kuti uko ndi kumanda, apa ndi pa bwinja pamene ndinabadwira, koma pa ulendo wao kholo ndi mwana onse awiri ali alendo, ndipo palibe agogo owadikira pakhonde.

Ndiyambe ndafotokoza kaleredwe kameneka, pakuti nkosiyana ndi kathu. Kwa ife mwana akafedwa amtenga amalume ace kapena amai ace ang'ono, ndipo dzina la pfuko lace silisintha; ali yense m'mudzi adziwa amene anambala. Kwa anzathu aja nkhaniyi imapita ku bwalo la milandu. Woweruza alemba kuti kuyambira lero mwana uyu ndi wa uje ndi uje, mwanayo alandira dzina lao ndi dziko lao, nakhala wolowa m'cuma cao, ndipo pamaso pa lamulo makolo omubala alibenso gawo pa iye. Inu a ku Chipata munamvako za zimenezi pafupi, pakuti mu 2006 woyimba wa ku America, Madonna, anatenga mwana ku Home of Hope ku Mchinji, patsidya pa malire pomwepo, ndipo mu 2007 anabwera naye kudzaona nyumbayo. Koma zimene zinacitika ku Mchinji kwa ana owerengeka, ku China zinacitika kwa ana oposa 160,000, ndipo pafupifupi theka la iwo anapita ku America.

Kodi ana onsewa anacokera kuti? Mu 1980 anthu a ku China anali atayandikira mamiliyoni 1,000, ndipo Boma poopa njala ndi umphawi linakhwimitsa lamulo lakuti banja likhale ndi mwana mmodzi yekha. Wolakwira lamuloli anali kulipira ndalama zoposa zimene akanapeza pa caka cathunthu, ena anacotsedwa nchito, ena anawagwetsera nyumba, ndipo akazi ambiri anawatengera ku cipatala mokakamiza kukacotsa mimba kapena kukatseka kubala. Lamuloli linakhala kufikira kumapeto kwa 2015.

Tsono mwambo wa kumeneko ngwakuti mwana wamwamuna ndiye atsala pakhomo, nasunga makolo ace atakalamba, napitiriza dzina la banja. Mwana wamkazi akakwatiwa apita kwa mwamuna, nakhala wa banja lina. Angoni amva msanga zimene ndiri kunena. Koma kwa Acewa ndi Ansenga, amene mwana wamkazi ndiye mbumba yomanga mudzi, nkhani iyi imveka yozondoka. M'midzi ya zigawo zambiri Boma linadzalola kuti ngati woyamba ali wamkazi, banja liyesenso kamodzi. Cotero tsoka lalikuru linagwera mwana wamkazi waciwiri. Akabadwa iye, makolo anali pa mphambano: kumsunga ndiko kutaya ciyembekezo ca mwana wamwamuna, ndipo kumpereka kunalibe njira yace ya lamulo, pakuti kutaya mwana unali mlandu. Ndico cifukwa cace anali kuwasiya mbandakuca, pa malo odutsa anthu ambiri: pa msika, pa cipata ca cipatala, pa siteshoni ya basi, pa khomo la ofesi ya Boma. Kawiri kawiri m'nsaru za mwanayo munali kapepala kofiira kolembapo tsiku lobadwa, kapaketi ka mkaka, ndi tindalama pang'ono. Munthu wofuna kupha mwana sacita zotero.

Pano ndiwonjeze mau amodzi, kuti tisaweruze mtundu wonse. Mai wina wophunzira wa ku America, Kay Ann Johnson, amene iye mwini analera mwana wa ku Wuhan, anayenda m'midzi ya ku China zaka zambiri nafunsa mabanja ambiri. Iye anapeza kuti anthu a m'midzi anali kutola ana otayidwawo ndi kuwalera mwakacetecete, ndipo ambiri anali kufunitsitsa mwana wamkazi. Koma lamulo la 1992 linati munthu wa ku China wofuna kulera mwana wotayidwa akhale wopanda mwana wina, ndi wa zaka 35 kapena kuposa. Wocita mosiyana anali kulangidwa ngati wabala mwana woposa muyeso. Lamulo lomwelo ndilo linatsegula khomo kwa alendo a maiko akutali. Mu 2005 mokha ana pafupifupi 8,000 anapita ku America.

Mungaganize kuti makolo amenewa anaiona nyumba ya ana amasiye pa tsiku lotenga mwana. Ambiri sanaione konse. Anali kubwera m'magulu a mabanja 10 kapena kuposa, atayenda pa ndege maora oposa 12, ndipo anawo anali kubwera nao ku mzinda waukuru wa cigawo, ku hotela kapena ku ofesi ya Boma. Dzina likaitanidwa, mlezi apereka mwana wolira m'manja mwa mkazi wa nkhope yacilendo, mapepala asainidwa, ndipo banja lipereka madola 3,000 monga mphatso ya nyumba imene inasunga mwanayo. Pambuyo pace mtengowo unakwera kufika ngati madola 5,000. Musaiwale ndalama imeneyi, pakuti tidzakumana nayonso. A ku America onse anali kutsiriza ulendo wao ku Guangzhou, kumene kunali ofesi yopereka cilolezo colowera m'dziko lao, ndipo ambiri anali kugona ku White Swan Hotel, pa cisumbu ca Shamian. M'hotelamo munali mpando wofiira wautali umene unachuka, cifukwa gulu liri lonse linali kukhazikapo makanda ace mondandalika ndi kuwajambula. Pa masabata awiri zonse zatha. Za miyezi 10 kapena 12 yoyamba ya moyo wa mwana wao, makolowo anapita kwao ndi mapepala atatu kapena anai okha.

Mwana akukula, ndipo mwana amafunsa. Ayang'ana pa kalirole naona kuti safanana ndi amace. Ku sukulu mphunzitsi auza ana kuti abwere ndi cithunzi ca pamene anali akhanda, kapena alembe maina a makolo a makolo ao. Kwa dotolo afunsidwa ngati m'banja mwao muli nthenda ya mtima, ndipo alibe yankho. Usiku wina afunsa kuti, Kodi anandinyamula ndani ndisanakhale wanu? Kholo lanzeru silikwiya ndi funso limeneli, koma liribe ponena. Umu ndimo maulendo obwerera anayambira, ndipo Boma la China linawalandira, mpaka zaka zina linali kulipira gawo la ndalama za ulendo wa anawo ali m'dzikomo.

Munthu safika pa nyumba yotere monga afika pa nyumba ya mnansi. Ayamba wapempha cilolezo ku ofesi ya cigawo, tsiku liikidwa, ndipo apita ndi womasulira. Nthawi zambiri pa cipata apeza cinsaru cofiira cacitali colembedwa dzina lakale la mwanayo ndi mau omlandira kwao, ndipo kwina amaphulitsa tizinthu tolira ngati mfuti, monga acita pa cikondwerero. Mkuru wa nyumbayo awalowetsa m'cipinda ca alendo, awapatsa tiyi ndi zipatso, mphatso zipatsanidwa, kenaka onse apita kukadya cakudya ca mbale zambiri. Zonsezi ndi ulemu weni weni, ndipo sindizinyoza. Koma inu amene munakhalapo pa phwando la bwana mudziwa kuti munthu wodzaza m'kamwa ndi nyama ya mwini nyumba safunsa mafunso olimba.

Cimene makolo adzera cacikuru ndico kuona mapepala a mwana osungidwa mu ofesi. Awatsegula pa tebulo, womasulira nawerenga. Muli kalata ya apolisi yonena malo ndi tsiku limene mwana anapezedwa, ndi dzina la womtola ngati linalembedwa. Muli cithunzi coyamba, ca kamwana kometedwa mpala, kobvekedwa malaya atatu kapena anai cifukwa ca kuzizira. Kwa ana ambiri ici ndico cithunzi cao cakale koposa pa dziko lonse. Amwai apezamo kapepala kofiira kaja, kolembedwa ndi dzanja la amene anawabala. Amene analibe kapepala aphunzira pamenepa kuti tsiku limene akhala akudyera keke zaka zonsezi linali longoyerekeza: dotolo anayang'ana kukula kwa mwana, naona ngati mcombo wagwa kapena sunagwe, nalemba tsiku. Aphunziranso za dzina lao. Nyumba zambiri zinali kupatsa ana onse dzina limodzi la pfuko, lotengedwa ku dzina la mzinda, kapena mau onga Guo, ndiko kuti dziko, ndi Dang, ndiko kuti cipani. Ndipo ana obwera caka cimodzi anali kugawana liu limodzi la pakati. Mtsikana amene anayesa kuti dzina lace analisankha mai wace, apeza kuti analemba ndi kalaliki.

Koma si mapepala amene amaliza anthu pa ulendowu. Ndi alezi. Akazi osamala ana m'nyumba zimenezi amachedwa ayi, liu limene kwa ife limveka ngati kukana, koma kwao litanthauza azakhali kapena amai ang'ono. M'zaka zimene ana anali oculuka, mlezi mmodzi anali kusamala makanda 10 kapena kuposa, pa malipiro ocepa. Analibe manja okwanira, kotero botolo la mkaka anali kulitsamiritsa pa nsaru kuti mwana adziyamwira yekha, ndipo ana ambiri anaphwatalala nkhongo cifukwa ca kugona cagada nthawi yaitali. Makolo olera anaziona zizindikiro zimenezi pa ana ao, ndipo ena anasunga mkwiyo mumtima zaka zambiri. Tsono alowa m'cipinda mai wacikulire wa imvi, ayang'ana mtsikana wamtali wa zaka 13, naitana dzina lacibwana limene palibe analilemba pa pepala liri lonse, namgwira masaya, nalira. Anena kupyolera mwa womasulira kuti uyu sanali kugona popanda kumsisita pamsana. Ndipo mai wa ku America adziwa kuti nzoona, cifukwa iyenso anamsisita pamsana zaka zitatu.

Ena apeza coposa apa. Ana ambiri sanakhale m'nyumba ya ana amasiye masiku onse, koma anaperekedwa ku mabanja a pafupi amene Boma linali kuwalipira pang'ono kuti awasunge. Mai wotere anabereka mwana kumbuyo caka cathunthu, anagona naye pa mphasa imodzi, ndipo tsiku lina anauzidwa kuti mawa mwanayo acoka, osauzidwa kumene apita. Makolo ena olera sanadziwe konse kuti kunali munthu wotere, kufikira pa ulendo wobwererawu. Ndayesa kuganiza za akazi awiriwo atakhala pa mpando umodzi, wina alibe liu limodzi la cinenero ca mnzace, mwana ali pakati pao. Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sanatiuze cocita pamene akazi awiri onse anamvera mwambiwo pa mwana mmodzi.

Mwanayo naye ali ndi zace. Kwa nthawi yoyamba ayenda mu mseu mmene ali yense afanana naye, ndipo amene aoneka wacilendo ndi amace. Koma wogulitsa m'sitolo akamlankhula iye sayankha, nacita manyazi. Ena akondwera ndi cinsaru cofiira cija. Ena akana kutsika m'galimoto. Ndipo pomzungulitsa m'zipinda aona ana amene ali momwemo lero, pafupifupi onse olumala kapena odwala, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wace amene palibe anadza kudzawatenga. Mwana wa zaka 12 sakhala wopusa. Adziwa yekha kuwerenga kuti bedi limenelo likanakhala lace. Cifukwa ca ici ine ndiganiza kuti ulendowu suyenera kukhala wa kholo lofuna kukhutitsa mtima wace, ndi kuti mwana akati sindifuna, mau ace apambane mtengo wa tikiti. Ndiponso ambiri apeza kuti nyumba yakale inagwetsedwa, ana anasamutsidwira ku nyumba yatsopano kunja kwa mzinda, ndipo cipinda cimene mwana anagonamo kulibenso.

Pocoka apo apita ku malo amene mwana anapezedwa. Mizinda ya ku China yasintha kwambiri pa zaka 30 izi, kotero pamene pepala linena kuti panali msika, mwina tsopano pali mseu waukuru kapena nyumba ya nsanjika 20. Banja liima pamenepo, lijambula cithunzi, ena atola kamwala kapena dothi pang'ono. Olimba mtima amata cipepala ca cithunzi ca khanda ndi nambala ya foni, ndipo posacedwa azimai okalamba a pamalopo asonkhana, naloza uku ndi uko, natsutsana za banja limene linataya mwana caka cimeneco.

Apa ndipo pabwera cinthu cowawa, cimene makolo oyamba aja sanacidziwe. Mu November 2005 apolisi a m'cigawo ca Hunan anagwira anthu amene anali kunyamula makanda pa sitima kucokera kumwera ndi kuwagulitsa ku nyumba za ana amasiye za ku Hengyang ndi madera ozungulira, ndipo mu 2006 bwalo linawaweruza. Nyumbazo zinali kugula mwana pa madola mazana owerengeka, ndi kulandira madola 3,000 aja kwa mlendo. Kuti mwana wogulidwa aoneke wotayidwa, kalata ya malo opezedwa inali kungopekedwa. Mu 2011 nyuzipepala ya Caixin inaulula zoopsa koposa: m'dera la Shaoyang, m'cigawo comweco, akuru a ofesi yoyang'anira za kubala anali kulanda ana m'manja mwa makolo ndi agogo olephera kulipira cilango, ndi kuwapereka ku nyumba ya ana amasiye, kumene anapatsidwa dzina la Shao, ena natumizidwa kunja. Makolo ao anali moyo, ali kuwafunafuna.

Sindinena kuti ana onse anabedwa. Ambiri anasiyidwadi monga ndafotokoza. Koma taganizani za kholo limene lakhala likuuza mwana walo usiku uli wonse kuti, Amai ako anakukonda, anakuika pa cipata ca cipatala kuti upezedwe msanga. Ndipo tsopano limva kuti ana ena 20 a nyumba yomweyo analembedwa kuti anapezedwa pa cipata comweco, ndi munthu yemweyo. Kholo limenelo silinabe mwana, linatsata lamulo lonse; komabe ndalama yace ndiyo inakoka akuba. Ena atamva izi anatseka makutu. Ena anagwira nchito yofufuza, ndipo lero cowathandiza cacikuru ndico kupima malobvu kapena magazi, kumene kuchedwa DNA, pakuti kumeneko kalaliki sangakupeke. Apolisi a ku China anayamba kusunga zopima zotere mu 2009, ndipo mwa njira imeneyi ana ena apeza makolo ao, ena apeza abale ao oleredwa m'dziko lina.

Khomo lija tsopano linatsekedwa. Matenda a Covid anaimitsa maulendo otenga ana mu 2020, ndipo pa 5 September 2024 Boma la China linalengeza kuti silidzatumizanso ana kunja, kupatula kwa acibale. Dziko limene linali kuopa kuculuka kwa anthu tsopano liri kudandaula kuti ana obadwa acepa, ndipo kuyambira 2021 lilola ana atatu. Makanda a pa mpando wofiira aja ambiri apyola zaka 20, ena afika 30. Ambiri tsopano apita okha, makolo olera akatsala kunyumba kudikira foni.

Nditsirize ndi nkhani ya banja limodzi, imene inaulutsidwa ndi BBC mu 2017. Maina ao ndiwasiya. Mu 1995 mwamuna wina ndi mkazi wace a ku Hangzhou, amene anali ndi mwana wamkazi kale, anaona kuti mkaziyo ali ndi pakati pena. Anathawa nabisala m'ngalawa pa ngalande za ku Suzhou, ndipo mwana anabadwira momwemo, wamkazi, atate ace nadula mcombo okha. Patapita masiku owerengeka bamboyo anamnyamula m'mamawa namsiya pa msika wa ndiwo zamasamba, pamodzi ndi kalata. M'kalatamo analemba dzina la mwana ndi nthawi yobadwa, nanena kuti umphawi ndi kukakamizidwa ndizo zawacititsa, napempha kuti ngati amene adzamlera ali ndi cifundo, adzakomane nao pa mlatho wochedwa Broken Bridge, pa nyanja ya West Lake ku Hangzhou, m'mawa wa tsiku la cikondwerero ca Qixi, patapita zaka 10 kapena 20. Tsiku limeneli silinasankhidwe mwangozi. Ndilo tsiku la 7 la mwezi wa 7 pa kawerengedwe kao, ndipo nthano yao inena kuti pa tsikuli mbusa wa ng'ombe ndi namwali woomba nsaru, amene analekanitsidwa ndi mtsinje wa nyenyezi kumwamba, amaloledwa kukomana kamodzi pa caka, pa mlatho wopangidwa ndi mbalame.

Mu 1996 banja lina la ku Michigan, la ana amuna awiri, linafika kudzatenga mwanayo ku nyumba ya ana amasiye ya ku Suzhou, ndipo pamodzi ndi mapepala ace linapatsidwa kalata ija. Womasulira poiwerenga analira. Makolowo anapangana kuti adzaisunga kufikira mwana atakula ndi kufunsa yekha. Koma mu 2005, zaka 10 zitakwana, mtima sunawalole kukhala cete, ndipo anapempha mai wina wa ku China, wodziwana ndi mnzao, kuti apite pa mlathopo m'malo mwao. Tate wobala uja anaima pamenepo kuyambira m'mawa, atanyamula cikwangwani colembedwa dzina la mwana wace, pakati pa khamu la anthu a cikondwerero. Dzuwa litapendeka anacoka wosweka mtima, ndipo mthengayo anafika mocedwa pang'ono, iye atangocoka. Mwamwai panali anthu a wailesi ya kanema amene anali kujambula cikondwereroco, ndipo pobwereza zithunzi zao anaona munthu wa cikwangwani. Anaulutsa nkhaniyo, mthenga ndi makolo obala anakomana, ndipo kwa nthawi yoyamba iwo anaona zithunzi za mwana wao, wamoyo ndi wonenepa.

Pamenepo makolo a ku Michigan anacita mantha. Nkhani inali itamveka m'dziko lonse la China, mwana wao anali wa zaka 10 zokha, ndipo anaopa kuti adzasokonezeka, kapena adzalandidwa. Anauza mthenga uja kuti aleke, ndipo njira inatsekeka. Kodi analakwa? Ine ndazungulira nalo funsoli, ndipo ndiona kuti mantha ao anali a kholo leni leni. Koma ndionanso munthu uja wa ku Hangzhou, amene caka ndi caka pa tsiku la Qixi anali kubwerera pa mlatho ndi kuima, adziwa kuti mwana wace ali moyo koma sadziwa mzinda wace. Mphunzitsi wina wopanga kanema, Chang Changfu, anafufuza kufikira anapeza banja la ku Michigan, koma iwo anati adikire mwana afunse.

Anafunsa mu 2016, atapyola zaka 20. Pokonzekera ulendo wa maphunziro kunja, anafunsa amace ngati adziwa kanthu za amene anambala, ndipo anauzidwa zonse: kalata, mlatho, ndi anthu awiri amene akhala akumdikira. Iye mwini ananena poyera kuti anapwetekedwa mtima pomva kuti zimenezi zinabisidwa kwa iye zaka zonsezo, ndipo panatenga nthawi kuti iye ndi makolo omlera amvanenso. Mu August 2017, pa nyengo ya Qixi, anakwera ndege napita ku Hangzhou. Pa mlathopo anamdikira atate ace, amace, ndi mkuru wace amene anali asanamuonepo. Maiyo anamthamangira namkumbatira, ali kulira kwambiri ndi kupepesa mobwerezabwereza, ndipo mtsikanayo anaima cete m'manja mwace, pakuti sanali kumva liu ndi limodzi lomwe la zimene amace anali kunena, mpaka womasulira anayandikira. Anakhala nao masiku owerengeka m'nyumba mwao, anagona cipinda cimodzi ndi mkuru wace, ndipo pambuyo pace anabwerera ku Michigan kukatsiriza sukulu.